Khadi la Lole ya Matani Atatu

Lolemba, 12 Malichi 1979

Mabokosi afika ku nyumba yosungira zakale za nkhondo. Wandiuza Cyril Oddie, mnzanga wa ku nkhokwe ya asilikali. Mabuku onse a malangizo a magalimoto, ndi makabati a makadi athu omwe aja. Akuti, "Akopolo, mlandu wanu uja wabwera pa lole." Akudziwa kuti ukopolo, udindo wanga wa usilikali, adandilanda mu 1944. Amachita dala.

Tiyi wazizira kawiri. Sindikutha kukhala pansi.

Lachiwiri, 13 Malichi

Ndilembe mwadongosolo, mutu ungazizire. Buku lililonse linali ndi nambala yake: mtundu wa buku, zilembo za kampani, kenako mtundu wa galimoto. Nambala imodzi, khadi limodzi. Lole ya matani atatu ataisintha mabuleki, kudabwera buku latsopano la zipangizo, chikuto chofanana ndi chakale. Wina adaika mabuku awiriwo pa khadi limodzi. Amakanika ku Italy nkuitanitsa zitsulo za lole yakale. Malole makumi anayi osayenda milungu isanu, anzathu kutsogolo akudikira chakudya.

Winayo ndi malemu Kaputeni Orde. Ankalemba ndi inki yobiriwira, enafe yakuda. Koma iye wophunzira, ine sukulu ndidasiya ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Chala chidaloza ine. Khadilo likapezeka aliyense aona mtundu wa inki.

Lachitatu, 14 Malichi

Woyang'anira ku nyumba ya zakale ija ndi mayi Halliwell, msinkhu wa mwana wanga. Akundandalika mabuku potsata kukula kwake, aakulu pansi, aang'ono pamwamba. Za nambala alibe nazo ntchito. Andilola kufufuza. "Musamale msana, bambo Tunnicliffe, makabatiwa ndi khumi ndi awiri." Ndawauza kuti ndinkawanyamula iwo asanabadwe.

Makadi asokonekera. A njinga zamoto ali pakati pa a akasinja. Fungo lomwe lija la fumbi ndi guluu.

Lachinayi, 15 Malichi

Makabati asanu ndi awiri. Palibe. Zala zachita kuuma.

Lachisanu, 16 Malichi

Kabati yachisanu ndi chinayi, kumbuyo kwenikweni.

Inki yakuda. Mabuku awiri, nambala imodzi, ndipo pansi pake palembedwa kuti "ndi amodzi". Kenako H.T. Horace Tunnicliffe, mchira wa T wopindika monga ndimalembera mpaka lero.

Ndayang'ana kuseri, mwina Orde adasainako. Mbee.

Nanga zija ndinkaziona m'maso, Orde atawerama pa kabati ndi inki yake yobiriwira, zidachokera kuti? Zaka makumi atatu ndi zisanu ndikuuza anthu kuti ndi iye.

Mayi Halliwell afunsa ngati ndapeza. Ndati ayi. Khadi lili m'thumba la jekete.

Loweruka, 17 Malichi

Moto wa malasha unali woyaka m'mawa. Ndaima pamenepo nthawi ndithu, khadi m'manja. Kenako Cyril wagogoda, akufuna tikaonere mpira.

Ndamuonetsa. Sadavale ndi magalasi omwe.

"Tinkadziwa tonse, Horace. Ndinali pambali pako. Udangoyerekeza zikuto, osatsegula m'kati. Tinali titagwira masiku atatu osapuma."

"Bwanji osanena?"

"Iwe ungauzidwe kanthu? Ndiponso Orde adakupepesera kwa akuluakulu, apo ayi ukadalowa m'ndende ya asilikali."

Ku mpira sitinapite. Takwera basi, Cyril akudandaula za bondo lake njira yonse. Ndaika khadi pa tebulo la mayi Halliwell. Ndanena kuti ndidalitenga dzulo, kuti ndi lolakwika, ndipo wolakwitsa ndine. Mabukuwo ndi awiri, lachiwirilo lifunika nambala yakeyake.

Andiyang'ana, ayang'ana Cyril. Atsegula kabati yawo nkundipatsa makadi awiri osalembapo.

Ndapempha andibweretsere mabuku onse awiri kaye, nditsegule.