Chithunzi cha Amai chimene sindinajambule

Kabwata, Lusaka

Okondedwa akulu anga ba Tobiyasi,

Muli bwanji ku Romania kozizilako? Kuno tilipo, koma chifuwa chija sichinawasiye Amai, ndipo ine mtima suli m'malo.

Loweluka ndinapita nawo ku famu ya kuseli kwa Chelstone kukaona mapikoko, nditanyamula kamela imene munatumiza. Filimu ikusowa m'tauni ngati sopo, ndinapeza imodzi yokha. Amai anavala bulauzi yawo yoyela ya ku chalichi, ati muwaone ali bwino.

Mapikoko a buluu ndi a mawangamawanga anandizunguza mutu. Ndinkangojambula, uku ndikuthamangitsa pikoko woyela amene mwini famu anati sapezeka wamba. Pikokoyo ankangondithawa.

Amai anakhala pa chitsa. Mukudziwa kuti sapita kwa eni chimanjamanja. Anatapako nshawa zimene anatengela mwini famu, n'kuyamba kuitana ngati akuitana nkhuku zawo. Pikoko woyela uja anabwela, anadya m'manja mwawo, kenaka anatambasula mchila wonse pambali pawo.

"Jambula tsopano, mwananga, mkulu wako andione," anatelo Amai.

Ndinadina, koma filimu inali itatha. Ndinawanamiza kuti ndajambula, ndipo tsiku lililonse amandifunsa ngati ndakutumizilani.

Mu envulopu muno muli mbalame zokhazokha. Musanditumizile filimu ina. Bulauzi ija tsopano ikuwakulila. Pemphani tchuthi, mubwele mudzawaone ndi maso anu.

Mulungu akusungeni, akubweletseni msanga.

Ine mng'ono wanu,
Lazalo