Alamu anga akupempha chinsinsi cha mpunga wogona

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina. Ndikaweruka miyendo imakhala itatheratu ndi makina, ndiye kwathu chakudya chamasana chikatsala, madzulo timangotenthetsa n'kudya. Mpunga ukatsala, m'mawa ndimausakaniza ndi dzira, anyezi ndi ufa wa tirigu pang'ono, n'kuumba timibulu, n'kukazinga. Ana amatenga kusukulu, ndipo kontena imabwerako ngati yatsukidwa.

Tsiku lina alamu anga, achemwali awo a amuna anga, anatipeza tikudya nyemba zamasana. Anavundukula poto n'kukwinya mphuno ngati mwafera khoswe. "Achimwene, mwakwatira mkazi kapena dzala? Kwanga zoterezi timapatsa galu." Ananena pamaso pa ana anga, Aphungu. Amuna anga anangoti maso m'mbale ngati mwalembedwa nkhani. Ine mawuwo ndinawapinda bwinobwino n'kuwasunga.

Kenako apongozi anga anadwala, ndipo atatuluka m'chipatala anadzakhala kwathu. Nkhuku ayi, nsomba ayi, chilichonse ankati chikuwawa m'kamwa. M'mawa wina anamva fungo kukhitchini n'kundiitana: "Tandilawitsako kamodzi, mwanawe." Kamodziko kanatha ndi ta ana tomwe. Kuyambira pamenepo mankhwala ankamwera timibuluti, mpaka masaya anayamba kubwerera.

Tsopano asamukira kwa alamuwo, poti kumeneko n'kufupi ndi chipatala. Atangofika anafunsa timibulu tawo. Alamu, matama awo aja, sakanandifunsa ine. Anafunsa achimwene awo zomwe ndimaikamo, anagula mpunga wapamwamba, anaphika watsopano, n'kuumba uli wotentha. Kungoponya m'mafuta, zonse balala! Anayesanso, chimodzimodzi. Amuna anga akuti apongozi anakankha mbale n'kunena kuti, "Iwe, ine si nkhuku yoti ndizitola zinyenyeswazi. Taimbira mlamu wakoyo."

Anaimbadi. Mawu awo ofewa ngati thonje: "Alamu anga abwino, paja mumathiramo chiyani kuti zigwirane?" Ndinati netiweki ikuvuta, n'kudula. Aphungu, ndinavina m'khitchinimo mpaka chitenje kumasuka.

Chothiramo palibe. Mpunga wotentha sugwirana. Umafunika wozizira, wogona, womwe uja wa galu.

Mtima wanga ukuti ndisawauze mpaka atabwera kudzapepesa pamaso pa ana omwe aja. Koma ndamva kuti apongozi ayambanso kubweza mbale zosakhudza. Nditani? Musandiuze zongokhululuka, ine si mngelo.

T.M., kuseri kwa msika


Mwana wanga T.M.,

Manga chitenjecho, uvinenso. Wapambana, ndipo wapambana ndi poto wako yemweyo. Mayi amene sataya chakudya, ana n'kumakhuta, alibe chochitira manyazi.

Koma taona amene akulipira mlandu. Ukamadikira chipepeso, amene akumwa mankhwala m'mimba mulibe kanthu si mlamu wako. Ndi mayi amene anakuikira kumbuyo, n'kukankha mbale ya mwana wawo wobala okha chifukwa cha iwe. Iwowo anakulakwira chiyani?

Imba foni lero. Sindikuti ukhululuke, ndikuti uphunzitse. Usathire tsabola m'mawu, ungoti, "Phikani mpunga madzulo ano, muusunge, muumbe mawa." Basi. Iyeyo ndi manja ake adzavundikira zotsala n'kuziika m'firiji, ndipo adzakumbukira yekha zimene ananena. Ululu wake uposa mawu aliwonse amene wakonza.

Za chipepeso, dikira odwala achire. Ukatero umukokere pambali mlamuyo, umuuze maso ndi maso kuti anakunyoza pamaso pa ana ako ndipo zisadzachitikenso. Kumugwaditsa pamaso pa ana n'kuwaphunzitsa anawo matenda omwewo. Amuna akonso usawasiye. Munthu amangoyang'ana m'mbale mkazi wake akutchedwa dzala? Akhale pansi, amve.

Chenjezo langa ndi ili: mpunga wogona umadwalitsa ukasungidwa mwachisawawa. Ukangopsa, woti usungidwewo uyalidwe m'mbale yotakasuka kuti uzizire msanga, ulowe m'firiji ola lisanathe. Usagone pa mbaula. Ugwire ntchito mawa lake lomwelo, ukazingidwe mpaka kutentha m'kati, ndipo usatenthetsedwe kawiri. Firiji ikazima nthawi yaitali, tayani osamva chisoni. M'mimba mwa wodwala simuchedwa kugonja.

Zonsezi umuuze, osabisako kena mwadala kuti akapunthwe. Apongozi akatsekula m'mimba, kubanjako sakafunsa kuti waphika ndani. Akafunsa kuti waphunzitsa ndani.

Aphungu