Mbewu Ziwiri Munatumiza Zija

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tadzuka, kungoti amayi bondo lija likuwavutabe.

Mwafunsa za mbewu ziwiri munatumiza zija. Kumini uja, amene mumati amakometsa nyemba, ndinamufesa m'munda mvula yoyamba, ngati mmene timachitira ndi maungu. Iii, mvula ya kuno ku Mvera! Anangotulutsa timasamba ngati tsitsi, kenako n'kuwola yense. Zinandiwawa, osanama.

Koma mnzake uja, epazoti, ndiye wakula mpaka m'chiuno, osamupalira n'komwe. Ndinaponya masamba ake mu nyemba monga munanenera. Amayi atanunkhiza anati, "Iwe, wathira parafini m'ndiwo? Chitsamba chimenechi si chomwe chadzaza kuseri kwa khola la mbuzi?" Ndinathamanga kukaona. Achemwali, ndi chomwecho! Ndinaseka mpaka misozi, n'kutembenuka kuti ndikuuzeni, nditaiwala kuti muli kutali, koma kukhitchini kunalibe munthu. Nyembazo ndinadya ndekha.

Kumini watsalako pang'ono. Ndidzamufesa kudimba mvula ikatha, poti akuti sakonda madzi ambiri. Chonde mubwere akadzakhwima. Ine kakomedwe kake sindikadziwa, ndipo sindilawa mpaka mudzaphike ndinu.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mng'ono wanu,
Tadala