Mzere wa Dzina la Bambo

Wokondedwa mwana wanga,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo. Uli bwanji, pamodzi ndi mkamwini wathu? Kuno tilipo, kupatula bondo la bambo ako lomwe limalosera mvula kuposa wailesi.

Mu envelopu muno muli satifiketi yako ya kubadwa. Inde, yomwe ija ndinati inadyedwa ndi chiswe. Chiswecho ndine. Zaka zonsezi inali mu dilowa ya makina anga osokera, pansi pa mabatani.

Unandiuza kuti ku ofesi ya maukwati akufuna zitupa zanu, satifiketi imeneyi ndi mboni ziwiri. Unatinso masiku a chilolezo chanu cha ukwati anatha mukudikira ine, mpaka munalipira kachiwiri. Pa foni ndinatukwana aofesiwo kuti ndi akuba. Nditadula, ndinasowa poyang'ana.

Ukaitsegula, uone mzere wa dzina la bambo. Palibe dzina, pali kamzera chabe. Amene anandipatsa mimba yako anathawa ndisanayambe n'kuoneka komwe. Bambo akowa anabwera uli ndi miyezi isanu, kudzawotcherera geti la nyumba yomwe ndinkachita lendi. Unalira, iwo anakunyamula ndi manja akuda bii, ndipo mpaka lero sanakutule.

Ndinkati ndikuuza ukamaliza sukulu, kenako ukapeza ntchito. Pakamwa panga pamene sipatopa ndi nkhani za eni, pa nkhani yangayi panauma gwa. Manyazi andigwira, mwana wanga, osati chifukwa cha kubadwa kwako, koma chifukwa ndinalolera kuti ukwati wako uchedwe kuti bodza langa likhale moyo.

Dzulo bambo ako anandipeza ndikulira, pepalalo lili pamiyendo. Anati ndisiye kulinyowetsa, aofesi angalikane ulipirenso kachitatu. Kenako ananena kuti akuopa kuti mwina sudzafunanso kuti akuperekeze pa tsiku la ukwati wako.

Ndikwiyire ine, ndikuyenera. Koma iwowa usawalange.

Andituma ndikufunse chinthu chimodzi, poti okha akuti mawu sangatuluke. Akuti pa mzere wa bambo anachedwa ndi miyezi isanu, koma ngati pa mzere wa mboni pakadali malo, cholembera agula kale. M'mawa uno ndawaona akuyeserera kusaina kuseri kwa kalendala.

Upereke moni kwa mkamwini ndi makolo ake. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mayi ako,
amene akudikira foni yako.