Mwana Wathu Aponya Ukonde Pamene Munaletsa

Mayi a ana anga,

Lero zakwana zaka zinayi chitisiyireni. Chithunzi chili pamwambachi ndi chija munkachikana, munkati munatuluka ngati mukukalipira wojambula. Ndachisankha dala.

Mukundidziwa, sindine munthu wa mawu ambiri. Zaka zapitazi ndinkangolemba mizere iwiri, yoti muuse mumtendere, basi. Chaka chino mundipirire.

Kunyumba zambiri zili mmene munazisiyira. Singano yanu yosokera ukonde ikadali pamwamba pa chitseko, pamene munkaibisira adzukulu. Mwana wathu wamkazi akamaseka amagwira m'nthiti ngati inu, ndipo ine ndimatuluka kukayang'ana nkhuku zomwe sizikusowa kanthu. Achimwene anu sanasiye kudandaula za bondo, koma palibenso wowauza kuti bondo lawolo limadwala tsiku lokokera bwato kumtunda lokha. Ineyo munkanditcha aphunzitsi a pamtunda, munkati ndimadziwa kulemba dzina la nsomba iliyonse pabolodi koma bwato ndimaliopa ngakhale lili pamchenga. Simunaname.

Bwato munalandira kwa atate anu, ndipo ndi limene linaphunzitsa ana athu kuposa choko changa. Tsiku lija akatswiri a kafukufuku anabwera kudoko ndi sikelo ndi thabwa loyezera, n'kunena kuti nsomba zikutha, kuti madzi a kumiyala kumene zimaswana atsekedwe, amuna onse anayang'ana pansi. Amene munaimirira ndinu. Munati wodya mbewu asadzalire ikagwa mvula. Ukonde wanu wa maso ang'onoang'ono ndi umene unayamba kupsa, munauyatsa nokha anthu akuona. A boma anaomba m'manja, nalonjeza zinthu zitatu: mainjini oti asodzi azifikira madzi akuya, majekete oyandamitsa, ndi boti la olondera loti lizithamangitsa zombo za makampani. Zizindikiro za malire zitachedwa kubwera, munatenga zigubu zathu zotungira madzi, n'kuzimangirira ku miyala ndi chingwe, n'kukaziponya nokha. Mwezi wonse tinkatunga madzi m'mapoto.

Tsono ndikuuzeni mmene zathera. Mainjini sanabwere. Majekete anabwera ochepa, tsiku limene kunali ojambula, ndipo anatha asanafike kwa anthu opalasa. Boti la olondera lilipo, koma limasowa mafuta masiku onse kupatula tsiku lodzalanda maukonde athu. Zombo za makampani zimalowa kumiyala dzuwa likuswa mtengo, kukoka pansi penipeni, kukolopa mazira ndi ana omwe. Zingwe za zigubu zanu zinadulidwa chaka chomwe munapita.

Ine sindidana ndi sayansi. Ndinaiphunzitsa moyo wanga wonse, ndipo zoti nsomba zikutha ndikuziona ndi maso. Chimene chikunditentha mumtima ndi kayezedwe kake. Ofufuza amabwera kudoko lathu chifukwa ndi pamene palibe mpanda. Amakhuthula madengu athu pamchenga, kuyeza kansomba kalikonse kuyambira kumutu mpaka kumchira, amayi ogula akudikira, nsomba zikuwola ndi dzuwa. Zombo zija zimatsitsa katundu wazo kuseri kwa geti, kumene mlonda salola munthu wonyamula sikelo. Izi anandiuza ndi mayi wina wa gulu la ofufuzalo, munthu woona mtima, koma ananena akuyang'ana nsapato zake. Ndiye nsomba iliyonse yosowa m'madzi imalembedwa pamutu pathu. Mwana wasukulu akanandibweretsera samu yoti wawerengera mbali imodzi yokha, ndikanam'bwezera akachitenso. Awa samu yawo imasanduka lamulo, ndipo lamulolo amalipalasa ndi mwana wathu wamwamuna.

Popeza pafupi mpotseka, wachisamba wanu wakhala akupita ndi nkhafi kumene mtunda suonekanso, kumadzi amene anayenera kupitako ndi injini. Mwezi watha mphepo inawapeza kumeneko masana. Bwato linagudubuzika. Iye ndi achimwene anu analigwiririra mpaka anzawo ena atawatola. Mnansi wathu wa mluzu uja, amene munkamuuza kuti aphunzireko nyimbo yachiwiri, anali nawo m'bwatomo koma sanagwire. Tinam'peza patapita masiku. Mkazi wake tsopano amangokhala pakhonde, ana ndi amene akumuphikira. Mwana wathu anabwera manja atasupuka, ndipo mpaka lero nkhaniyi saitchula. Mpongozi wanu amam'tsatira kudoko m'mawa uliwonse, n'kugwira kumutu kwa bwato, mpaka mwamuna wake atamumasula zala.

Maliro atatha, akuluakulu a za usodzi anabwera kunyumba. Anapepesa bwino ndithu. Kenaka anati kafukufuku watsopano waonetsa kuti nsomba zikupitirira kuchepa, choncho malire awakankhira kutali kuposa pamene munaika inu. Anatinso pofuna kukulemekezani akonza chikwangwani cha dzina lanu choti chiime kumiyala, ndipo ine ndikachivundukule ndi kulankhulapo, poti aphunzitsi mawu amawatha. Za mainjini anati zili m'mapulani. Za zombo anati si mbali yawo. Achimwene anu anawauza kuti chikwangwanicho akachipachike pachombo, poti ndi chimene chimapezeka kumiyalako tsiku lililonse. Alendowo anaseka, ankayesa nthabwala. Ine ndinawapatsa tiyi, ndinawakana, ndinawaperekeza mpaka pagalimoto. Dzina lanu akufuna likhale mpanda wokankhira mwana wanu kumadzi amene anatsala pang'ono kumumeza.

Ndaganiza masiku ambiri, ndipo palibe amene ndikanamufunsa koma inu. Madzi a kumiyala ndi ntchito yanu, munaivutikira, ena anakudani nayo. Koma mwanayunso ndi wanu. Dzulo ndinamuitana, mkazi wake ali pomwepo, ndipo ndinamuuza kuti kutali kuja asapitenso ndi nkhafi. Aponye kumiyala. Aponye ukonde wa maso akuluakulu monga munam'phunzitsira, nsomba ya mazira aziibwezera m'madzi, akadzaza dengu lokwanira pakhomo abwerere. Tsiku limene mainjini adzafike, zombo n'kuchoka, sikelo n'kulowa pageti paja, ndidzakhala woyamba kumuuza kuti atuluke. Mwanayo anandifunsa kuti amayi akanati chiyani. Ndinamuyankha kuti sindikudziwa, ndipo ndi zoona.

Ndikudziwa kuti ukonde wake udzachotsako nsomba zimene munkafuna zikule. Sindikudzinamiza. Koma sindidzaima pagombe kudikira mtembo wa mwana wanu kuti chombo cha eni ake chidzaze. Ndalemba izi poyera kuti wina asadzati tinachita mozemba. Bwatolo lili m'manja mwanga, amene walituma ndine. Olondera akapeza mafuta, andipeza nditakhala pamchenga, ndipo ayambe ndi ine.

Ine mwamuna wanu, ana anu, mpongozi wanu, adzukulu ndi achimwene anu tikukulirani mpaka lero.

Mayi, pokhapokha mpweya utatithera, sitidzakuiwalani.