Waya wa Kuchipinda kwa Batata

Lolemba, 2 Sepitembala 2024

Apongozi anga, batata, akana phala lero. Anesi atawayeza anandikokera pakhonde n'kunena kuti amene ali kutali auzidwe. Wakutali ndi mmodzi yekha, mwamuna wanga Mwelwa. Ali ku Leeds uko kusamalira nkhalamba za eni, bambo ake omubala akutha kuno ku Chelstone. Mapepala ake okhalira kumeneko sanatuluke, akangochokako sadzamulola kubwereranso. Batata sakupempha china, akungofuna kuona nkhope ya mwana wawo.

Vuto ndi netiweki. Rauta, kabokosi ka intaneti, imagwira pawindo la pabalaza pokha. Kuchipinda kwawo, kumapeto kwa kolido, kulibe ngakhale kamzere kamodzi, ya foni yomwe sifikako. Makoma a nyumba zakale za bomazi anamanga ngati ndende.

Lachiwiri, 3 Sepitembala

Aneba awiri ayesa kuwanyamula batata pampando kuti abwere nawo pabalaza. Abuula mpaka ine kuthawira kukhitchini. Awabwezera pabedi. Zimenezi ayi, sindilolanso.

Lachitatu, 4 Sepitembala

Ndakwera minibasi mpaka m'tauni, ndagula kachipangizo kokokera netiweki, akuti ekisitenda. Ndakalumikiza m'kolido pafupi ndi bafa. Pakhomo pa chipinda timizere tiwiri, ndinatsala pang'ono kuvina.

Mwelwa ataimba pa vidiyo ndinagwada pakhomo n'kupereka foni kwa ba Mwenya, mlongo wawo wa batata, amene abwera kuchokera ku Kasama kudzadwazika. Atangofika nayo pabedi, nkhope ya Mwelwa inauma pafonipo, kukamwa kuli yasa. Mawu anangoti “Tata, ni…” basi, duu. Ndinamva batata akufunsa ngati mwanayo akudwala. Kenako magetsi anathima, kachipangizo kaja n'kufera pomwepo.

Ndalirira kuseri kwa thanki ya madzi kuti mwana wanga Lubuto asaone amayi ake akulira.

Lachinayi, 5 Sepitembala

Wa pasitolo uja wati ndisadzivute, netiweki ya mumphepo siboola konkire. Njira ndi waya: uchoke pa rauta mpaka m'chipindamo, ukalowe m'kabokosi kachiwiri kokhala ndi batire lake. Mamita makumi awiri. Ndaukhomerera ndekha m'mbali mwa kolido, chala chachikulu chatupa ndi hamala.

Nditafika nawo pakhomo, ba Mwenya anaima njo!

“Bana Lubuto, muyenda kuti? Mupongozi sangena mu chipinda cha batata. Kwanu ku Chipata sibanakuphunziseni?”

Anandiphunzitsa, inde. Zaka khumi ndi ziwiri m'nyumba muno, chakudya chawo ndimasiya pakhomo nditagwada, mtundu wa makatani a m'menemo sindiudziwa. Ndinati ndi mphindi imodzi chabe. Anati mwambo ulibe mphindi.

Ndiye kabokosi analowa nako okha, ine ndikulangiza ndili kuseri kwa chitseko ngati wapolisi wa pamsewu. Wayawo ulowe pabowo la buluu. Akuti alowetsa. Kanyali kobiriwira? Akuti kofiira. Tabwereza kanayi. Pomaliza anati ndagula chinthu chakufa, a m'tauni andidyera masuku pamutu.

Lachisanu, 6 Sepitembala

Kofiirabe.

Ndapempha Mwelwa kuti alankhule ndi azakhali akewo. Akuti ndingomvera, ndisayambitse milandu pa matenda, mawa ayesanso akaweruka. Kulankhula n'kosavuta uli kutsidya la nyanja. Ndamukwiyira, ndakwiyira ba Mwenya, ndadzikwiyira ndekha chifukwa chogwada pakhomo ngati mbuzi yomangidwa.

Batata afunsa kawiri ngati waimba. Kachiwiriko mawu sanamveke bwino, ba Mwenya ndiwo anandiuza.

Loweruka, 7 Sepitembala

Cha m'ma 11 koloko m'mawa kupuma kwawo kunasintha. Ndinakumva ndili kotsuka mbale. Ndinapukuta manja pachitenje, ndinavula masilipasi pakhomo, n'kulowa.

Ba Mwenya anangoti “Mayo!” n'kutembenukira kukhoma.

Makatani ake ndi a khofi. Batata achepa, pabedi pakuoneka ngati pali bulangete lokha. Kabokosi kanali pa sutukesi. Waya unali pabowo loyenera ndithu, koma sunafike mkati. Ndinaukankha ndi chala chimodzi, unati tche. Kanyali kobiriwira. Masiku awiri athunthu tataya chifukwa cha kukankha kwa chala chimodzi.

Timizere tonse tinayi. Ndinaimba, inaitana mpaka kuduka. Ndinaimbanso kasanu ndi kawiri. Kenako ndinakumbukira kuti Loweruka Mwelwa amalowa ntchito m'mawa, ndipo mafoni amawatsekera m'kabati mpaka 4 koloko ya kuno.

Sindinatuluke. Ndinakhala pansi pafupi ndi bedi, foni ili m'manja. Batata anatsegula maso, anandiyang'ana nthawi yaitali, sindikudziwa ngati anandizindikira. Ndinawauza kuti Mwelwa aimba posachedwa, adikire pang'ono. Patapita nthawi ba Mwenya anandipatsa kansalu konyowa, osandiyang'ana.

“Bapukuteni pa milomo.”

Lamulungu, 8 Sepitembala

Anthu adzaza pabwalo, matenti abwera. Ndabisala m'bafa kuti ndilembe izi.

Batata anatisiya dzulo, 3 koloko itapitirira ndi mphindi makumi awiri. Mwelwa anaimba 4 koloko itangopitirira, akadali mu yunifolomu, akupuma mothamanga. Ba Mwenya anati ndisatuluke, ndigwire foni ndine. Iwo anavundukula nsalu kumaso kwa batata.

Tinakhala choncho mphindi makumi anayi. Chithunzi sichinaume ngakhale kamodzi.