Bodza Langa Landigulira Laputopu

Mng'ono wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kalata ino ikupeza uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga ndi ana. Kodi chifuwa cha kamtsikana kako chija chinatha? Kuno ana ali bwino, mlamu wako akadali wolongolola monga unamusiyira. Za ine ndinena m'munsimu.

Usadabwe kuti ndalemba kalata pomwe foni ndili nayo. Pali nkhani zina zimene pakamwa pamakana.

Ndiyambe ndi ya ntchito yako, poti iwe ndiwe dokotala wa makompyuta. Abwana akundigulira laputopu yatsopano, yamphamvu, yojambulira mapulani a nyumba, yoti ndizipita nayo komwe tikumanga. Andipatsa fomu yoti ndichonge ndekha zomwe ndikufuna: purosesa, memore ndi mapoti, mabowo a m'mbali olowetsamo zingwe aja. Fomuyo akuifuna pakutha pa mwezi uno. Akangoitanitsa palibenso kusintha, chifukwa memore yake akuti ndi yomatiriratu mkati.

Mayi woona za makompyuta kuofesi kwathu, amene timangowatchula Mayi Mawaya, anakhala nane pansi Lachiwiri. Anati mapulani a nyumba zosanjikizana ndi olemera, choncho nditenge purosesa yaikuluyo ndi memore ya 64, ya 16 ndisaiyang'ane n'komwe. Anatinso ndisankhe yopyapyala ya mapoti awiri ang'onoang'ono, msana wanga udzawathokoza. Ine ndinakakamira yolemera, yokhala ndi poti yolumikizira sikirini yaikulu. Atafunsa chifukwa, ndinati ndi yoonetsera makasitomala.

Tsono tchera khutu. Laputopu yakale ija ilibe vuto lililonse.

Vuto ndi maso anga. Chiyambireni chaka chino, pakati penipeni pa chimene ndikuyang'ana pamabwera kachifunga, ndipo mizere yowongoka ndimaiona yokhota. Loweruka mlamu wako akapita kumsika ndimalumikiza laputopu ku TV ya pabalaza, n'kukulitsa manambala mpaka afanane ndi chibakera, kenako ndiwerenge. Poti ija ndikuifunira zimenezo.

Mwezi watha ndinalakwitsa. Tikumanga sukulu ya nsanjika ziwiri, ndipo pa pulani ya mizati ndinalemba zitsulo za mamilimita 10 pamene injiniya analemba 16. Anaona ndi kapitawo, zitsulo atadula kale, galimoto ya konkire ili pageti. Anabwera pulani ili m'manja, n'kundifunsa chapansipansi, "Akuluakulu, mwana wanu mungamulowetse m'kalasi yoima pa zitsulo izi?"

Kwa abwana ndinakanena kuti laputopu yakalamba, imaima ndikamasunga ntchito, ndiye inasunga nambala yolakwika. Anandikhulupirira, poti zaka khumi ndi zinayi sindinawakhumudwitsepo. Anandigwira paphewa nati, "Tikugulira yabwino koposa, zoterezi zisadzachitikenso."

Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wangawu wanditsata, ndipo ukubwera m'katoni. Ikangofika laputopu yopanda chilema, ndidzanamizira chiyani?

Chochititsa manyazi kwambiri nachi. Dzulo masana, anzanga atapita kokadya, ndinachonga purosesa yaing'ono ndi memore ya 16. Ndinachita dala. Ndimafuna makina oti aziimaima, kuti ndikhalebe ndi pothawira. Ine, mkulu wako amene ndinkakukoka makutu ukanama, ndafika posankha chonamizira pomwe ana a eni adzakhala pansi pa denga lojambula ine. Fomuyo sindinaipereke, ili m'chikwama changa.

Ndikuopa, mng'ono wanga. Kuchipatala ndikuopa chifukwa ukukumbukira mmene zinayambira kwa bambo. Ankangodandaula kuti nyuzipepala za masiku ano zikulemba tizilembo ting'onoting'ono, ife n'kumaseka, ndipo patangotha zaka ziwiri tinkawagwira dzanja pakhomo pawo pomwe. Abwana ndikuwaopa, chifukwa ndani angasunge wojambula wosaona? Mlamu wako sindinamuuze, akungodziwa kuti ndayamba kutopa msanga.

Koma chimene chikundidya kwambiri ndi ichi: chaka chino ndajambula nyumba zina zitatu, zonse konkire anathira kale, ndipo kumeneko kunalibe kapitawo wamaso ngati uyu. Imodzi anthu alowamo. Ndikamadutsa pamsewu wake ndimaona makatani m'mazenera ndi zovala za ana pachingwe, ine n'kufulumira ngati ndaba. Sindikudziwa ngati mulibe nambala ina yolakwika.

Choncho za purosesa usavutike kundiyankha. Ndifufuta zomwe ndinachonga, ndilembe zimene ananena Mayi Mawaya. Makinawo akhale abwino, kaya adzagwiritsa ntchito ndine kaya ndi wina.

Chimene ndikupempha ndi chakuti ubwere. Pempha tchuthi cha masiku atatu mwezi usanathe. Undiperekeze kwa dokotala wa maso, chifukwa ndekha ndakafika kawiri pakhomo pake n'kubwerera. Kenako tikhale pansi ndi mapulani onse a chaka chino, uyerekeze manambala anga ndi a injiniya, imodzi ndi imodzi. Ntchitoyo siifuna sukulu ya zomangamanga, ifuna maso basi. Tikatero undiperekeze kwa abwana. Sudzalowa ayi, udzangoima panja pa chitseko kuti ndisathawe.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, ana ndi azakhali, koma za maso anga usawauze kaye. Mulungu akusungeni nonse, ndipo uzindikumbukira m'mapemphero.

Usaimbe foni, mlamu wako amamva ngakhale zonong'ona. Undilembere kudzera kuofesi, unene tsiku lomwe ufike. Ndipo chonde, mng'ono wanga, ulembe zilembo zikuluzikulu.

Ndine,
Mkulu wako